Mabawuti Atatu pa Msewu wa Zalewa

Kuchokera ku Lilongwe kukafika kwathu ku Chiradzulu ndi ulendo woti ukanyamuka mbandakucha, dzuwa likamafika pamutu umakhala utatsika kale pa Njuli. Ine ndi amuna anga, a Sitifano, tinauyenda kangapo msewu umenewu pa zaka makumi awiri zimene tinakhala ku Mchesi. Ulendo womaliza umene ndinayenda nawo unatitengera masiku awiri, iwo ali m'bokosi.

A Sitifano anali makaniko. Analibe galaja yeniyeni. Ankakonzera galimoto pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu ya lendi, ndipo ine ndinkakazinga zitumbuwa pompo. Anadwala miyezi itatu. Lamlungu lomaliza, ali m'chipatala, anandigwira dzanja nati, "Make Rozina, amayi sanandione zaka zisanu ndi chimodzi. Mukandionetse kwa amayi." Ndinavomera. Anatisiya Lachiwiri m'mawa.

A ku mochale sanatibisire. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo mankhwala amene tinakwanitsa kuti abaye thupi anali ochepa. "Mukaike Lachinayi," anatero bambo wa kumeneko. "Likapitirira Lachinayi, bokosilo musakatsegule."

Galimoto anatibwereka ndi bambo wina wamalonda amene a Sitifano ankamukonzera kwa zaka zambiri. Inali pikapu yoyera yakalekale, ndipo anatipatsa ndi dalaivala yemwe, Che Wasili a ku Mangochi. Ana ndinawatsogoza pa basi Lachitatu. Tsiku lomwelo kunafika alamu anga a Dominiko, mng'ono wa malemu, atatumidwa ndi akumudzi kudzatenga maliro. Iwo ndi amene anapakira katundu. Atafika pa kathiranki kachitsulo kamene a Sitifano ankasungamo masipanala, anakamanga ndi chingwe mopingasa, ngakhale kanali kokhoma kale ndi loko.

"Alamu, katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka timete," anatero. "Akamasula ndi amalume, abale onse ali pompo. Kumudzi andiuza kuti kakasowa kanthu kamodzi, akafunsa ine."

Ndinati ndamva. Mwambowo ndinkaudziwa, ndi wakwathunso ku Mauwa. Kiyi ndinamumanga pansonga ya chitenje.

Tinanyamuka Lachinayi kusanayere bwino. A Dominiko anakhala kutsogolo ndi dalaivala. Kumbuyo tinali awiri, ine ndi a Nachisale, anzanga oyandikana nawo nyumba, bokosi lili pakati pathu. Apolisi a pamsewu ankangoyang'ana kalata ya kuchipatala n'kutiuza kuti pepani, pitani. Ku Dedza kunali kamphepo kozizira ngati si Okutobala, ndipo ndinakondwera nako chifukwa cha thupi. Tinaima kuti Che Wasili amwe tiyi, ndipo ndinamva a Dominiko akuimba foni kwawo kwa Mpama, kwa mlongo wawo a Agnesi.

"Achemwali, tili pa Dedza. Galimoto ikuuluka iyi. Auzeni adzukulu ayambe kukumba. Twelofu koloko tili pa Njuli."

Kwathu adzukulu sakumba asanamve kuti maliro ali m'njira, chifukwa manda akakumbidwa sagona opanda munthu. Ayenera kukwiriridwa dzuwa la tsiku lomwelo lisanalowe.

Pa Lizulu ogulitsa kabichi ndi kachewere anathamangira galimoto monga amachitira, mabeseni ali pamutu. Akayandikira n'kuona bokosi, ankabwerera chammbuyo mmodzimmodzi. Mayi wina yekha anaika mapichesi anayi pamiyendo pa a Nachisale n'kuchoka. Pa Ntcheu tinathira mafuta. Titapitirira Chingeni, mphepo ija inatha. Chitsulo cha galimoto chinayamba kuotcha m'manja, ndipo ndinavula chitenje chapamwamba n'kufunditsa bokosi.

Titadutsa Senzani, tisanafike pa Phalula, tinapeza lole ya simenti itagwa chopingasa msewu. Galimoto zonse zinkalambalala kudzera m'munda mwa munthu, n'kutsikira m'kakhwawa kouma, n'kukweranso ku tala. Minibasi imene inali patsogolo pathu inadutsa bwinobwino. Ife titatsikira m'kakhwawamo ndinamva kugunda kwamphamvu pansi, moti bokosi linadumpha n'kubwerera. Ndinaligwira ndi manja awiri. Tinakwera ku tala, tinayenda pang'ono, kenako Che Wasili anapatukira pambali n'kuzimitsa injini. Nditayang'ana kumbuyo ndinaona mzere wakuda utatitsatira kuchokera kukhwawa kuja.

Sindinafunse munthu. Ndinadziwa kuti ndi sampu, beseni lachitsulo limene limakhala kunsi kwa injini, losungira oyilo. Ndinatsukapo zambiri ndi palafini pansi pa mango uja. Che Wasili anagona chagada n'kulowa pansi pa galimoto, ndipo anatuluka malaya ali bii.

"Mwala wang'amba sampu," anatero. "Akanakhala kabowo ndikanamata ndi sopo. Koma apa pakulowa zala zitatu."

Nthawi inali itangopitirira naini koloko. Amuna anathyola nthambi n'kuyala pamsewu. Malo amenewo ndi a miyala ndi milambe, ndipo milambe mu Okutobala ilibe tsamba ndi limodzi lomwe. Ogulitsa makala a pamenepo anatithandiza kutsitsa bokosi n'kuliika pansi pa mtengo wa nimu, pamene pankaoneka kamthunzi. Ine ndinakhala kumutu, nditafunda mpango, monga namfedwa amakhalira. Mmodzi wa ogulitsa makala aja anapita kukaitana makaniko wa m'mudzimo.

Anabwera pa njinga, kathumba ka zitsulo kali pakaliyala. Anati dzina lawo ndi a Ngozo. Anagwada kaye kwa ine n'kupepesa, kenako anakhuthula kathumbako pansi. Munali masipanala anayi otha milomo, pulayala, hamala ndi paipi yaitali.

"Aise, zida zake ndi zimenezi?" anafunsa Che Wasili. "Iyitu si njinga."

"Njinga ndi galimoto n'chimodzimodzi, achimwene," anayankha a Ngozo. "Zimasiyana kunyada kwa eni ake basi. Chigayo cha pa Phalula amadzutsa ndani? Funsani."

Anagwirizana kuti Che Wasili akwere minibasi apite ku Balaka kukasaka sampu ina kwa ogulitsa zitsulo zakale, pamodzi ndi oyilo, ndipo a Ngozo atsale akuchotsa yong'ambikayo. Amati pofika twelofu tikhala titanyamuka. A Dominiko anaimba kumudzi kuti tichedwa pang'ono.

A Ngozo anakweza galimoto ndi jeke, natsamiritsa pa miyala. Timabawuti tozungulira sampu tinamasuka mosavuta, popeza timakhala tonyowa ndi oyilo. Koma sampuyo inakana kutuluka. Anatulutsa mutu nati paipi ya ekizozi, yotulutsa utsi, yadutsa kunsi kwake kwenikweni, ndipo sampu singatsike paipiyo isanachoke. Paipiyo inagwidwa ku injini ndi mabawuti atatu. Ndili pamthunzi pomwepo ndinkawaona m'maganizo mwanga: ofiira, otupa ndi dzimbiri, ophikidwa ndi moto wa injini zaka zonsezo.

A Sitifano mabawuti a ekizozi sankalimbana nawo. Ankayamba awapala ndi bulashi ya waya, n'kuwathira mafuta a mabuleki, n'kubwera kudzakhala pafupi ndi ine kudya chitumbuwa. Mwini galimoto akadandaula, ankati, "Bawuti yadzimbiri ili ngati apongozi, umaipatsa moni kaye." Akabwerera ankaigogoda pamutu pang'onopang'ono ndi hamala, n'kuthiranso mafuta. Kenako ankaiveka soketi, kachitsulo kamene kamavala mutu wonse wa bawuti ngati chipewa. Ankayamba kumangitsa pang'ono, kenako n'kumasula. Sipanala yapakamwa sankaiyandikitsa n'komwe.

Ndinamva a Ngozo akupempha paipi yaitali ija. Ndinaona akuilowetsa kumchira kwa sipanala yapakamwa kuti akoke ndi mphamvu. Ndinaitana alamu anga chapansipansi.

"Alamu, auzeni athire kaye mafuta a mabuleki, adikire. Ndipo sipanala imeneyo ithetsa mutu. M'kathirankimu muli soketi yake."

A Dominiko anandiyang'ana ngati ndalankhula m'tchalitchi nthawi ya Misa.

"Alamu, inu khalani pa maliro. Zitsulo zisiyireni amuna. Kathirankako ndanena kale."

"Eni ake ndi amene tikuwathandizawa."

"Eni ake agona. Mufuna mawa anthu adzati Dominiko anayamba kugawa katundu wa mkulu wake pamsewu, thupi lisanalowe m'nthaka?"

A Nachisale anandigwira bondo. Pansi pa galimoto panamveka kulira kwa chitsulo, kenako kuterereka, kenako a Ngozo akuyamwa chala. Anayesanso kachiwiri, kachitatu. Atatuluka anati bawuti yoyamba yatha makona, mutu wasalala ngati ndolo, sipanala ikungozungulira. Anati palibe vuto, ayambe yachiwiri. Yachiwiri anaikoka ndi miyendo yomwe, ataponda tayala. Inalira kamodzi n'kuthyoka. Anaitulutsa n'kutionetsa m'dzanja.

"Imodzi yachoka," anatero, akuyesa kuseka.

"Yachoka kapena mwathyola?" anafunsa a Nachisale.

"Mayi, kuchoka n'kuchoka."

Yachitatu inali mkatikati, kuseri kwa chitsulo china, kumene sipanala yawo sinkafika n'komwe.

Dzuwa linafika pamutu, ndipo mthunzi wa nimu unachepa. Tinasuntha bokosi kawiri kuutsatira. A Dominiko anayamba kuimitsa galimoto zodutsa. Aminibasi ankaima poganiza kuti ndi okwera, akaona bokosi ankapukusa mutu. Wa lole wina anati abwana ake salola. Wa pikapu ina anavomera, koma mtengo umene anatchula unali woti ngakhale tikanakhuthula matumba tonse sitikanafika theka, popeza zimene tinali nazo zinali zitapita ku Balaka ndi Che Wasili. Ndipo nthawi zonse a Ngozo ankafuula ali pansi kuti kwatsala pang'ono, tisavutike. Tinkawakhulupirira chifukwa panalibe china choti tikhulupirire.

Foni inalira wani koloko. A Dominiko anapita nayo kuseri kwa matumba a makala, koma mawu a a Agnesi ankamveka. Manda atha. Akwaya afika. Amayi akhala pakhomo kuyambira m'mawa, akana kulowa m'nyumba, akuti galimoto ingawadutse.

Che Wasili anabwera thu koloko itapitirira, sampu ili paphewa, chigubu cha oyilo chili m'manja. Anati anazungulira Balaka yense, anaipeza kwa munthu wachinayi. Atasuzumira pansi pa galimoto anatembenukira kwa a Ngozo.

"Chigayo chija chikugayabe?" anafunsa.

A Ngozo anali atatopa, zala zili magazi, ndipo ndinawamvera chisoni. Munthu anasiya ntchito zake kudzagona pa miyala yotentha chifukwa cha maliro a mlendo.

Nthawi imeneyo ntchentche zinali zitayamba kubwera. Poyamba zinali ziwiri zitatu, ndipo a Nachisale ankaziingitsa ndi kanthambi mwakachetechete, ngati sakufuna kuti ndione. Kenako mphepo inatembenuka, ndipo ndinamva chimene bambo wa ku mochale ankanena. Ndinamasula mfundo ya chitenje, ndinaimirira, ndinapita pagalimoto. Chingwe cha a Dominiko ndinachidula ndi mpeni umene tinkasendera mapichesi.

"Alamu," anatero a Dominiko.

"Mukawauze amalume kuti ndine."

Sanandigwire dzanja. Anangotembenuka n'kuyang'ana kumsewu.

M'kathirankamo zonse zinali mmene eni ake anazisiyira, zokutidwa m'nsanza ya malaya awo akale a buluu. Fungo la m'menemo linali la iwo. Ndinatulutsa bulashi ya waya, kabotolo ka mafuta a mabuleki, soketi, ndi ndodo yake yotalikitsa. Ndinagwada pafupi ndi tayala n'kuwauza a Ngozo chochita, chimodzichimodzi. Anapala. Anathira. Ndinati tidikire.

"Mpaka liti, mayi?" anafunsa.

"Mpaka munthu atadya chitumbuwa n'kumwa madzi."

Tinadikira tonse titazungulira galimoto. Kenako anagogoda, anathiranso, anaveka soketi. Ndinati ayambe kumangitsa. Anandiyang'ana, koma anachita. Atabweza, bawuti inalira pang'ono ngati chitseko chakale, n'kuyamba kuzungulira. Anaimaliza ndi zala. Inatuluka yathunthu, mazinga ake onse ali bwinobwino.

Palibe amene anakondwera. Tonse tinaona chinthu chimodzi: zikanayamba chonchi m'mawa, atatu onse akanatuluka teni koloko isanathe.

Inatsala yoyamba ija, yosalala mutu. Soketi inkangozungulira pamwamba pake. M'kathiranki munali tchizulo, ndipo anayamba kuisema, a Ngozo ndi Che Wasili mosinthana. Malo anali opanikiza, hamala inalibe potambasukira, ndipo ankamenya zala kuposa chitsulo. Anayesa sowo yodulira zitsulo, koma inkalowa nsonga yokha. Che Wasili anati pafunika wowotcherera wa gasi. Atafunsa, anamva kuti alipo mmodzi pa Phalula, koma wapita ku Blantyre kukadzazitsa mabotolo, abwera mawa.

Dzuwa litapendeka, lili lofiira kuseri kwa milambe, foni inaliranso. Ulendo uno a Dominiko sanachoke nayo. Anaiika pakhutu, anamvetsera nthawi yaitali, kenako anakhala pansi padothi.

"Adzukulu akuti sangadikirenso," anandiuza. "Adula thunthu la nthochi. Akwirira limenelo. Mawa akumba ena."

"Amayi?"

"Apita nawo kumanda. Akuti sangasiye manda a mwana wawo akukwiriridwa iwo ali pakhomo."

Tinagona pompo. Amayi a m'mudzi wapafupi anabwera ndi mikeka ndi phala, natichezetsa ndi nyimbo ngati maliro ndi awo. Mayina awo sindinawafunse, ndipo ndimadandaula.

Wowotcherera anafika Lachisanu cha m'ma naini, mabotolo awiri atamangidwa pa njinga yamoto. Anayamba wapukuta oyilo yense wotayikira, anaika chibenthu cha lata kutchinga injini, n'kuyatsa moto wake wabuluu. Bawuti imene inatigoneka panjira inafiira, n'kugwa pansi madzi a tiyi asanawire pa mbaula ya ogulitsa makala. Paipi inatsika, sampu yong'ambika inatuluka, ina inalowa. Pobwezera ekizozi panali bawuti imodzi yokha yamoyo, ija inatuluka ndi soketi. Mbali zinazo anamanga ndi waya. A Ngozo anapukuta zida za a Sitifano chimodzichimodzi ndi malaya awo, nazibwezera m'nsanza muja. Anakana kulandira kanthu.

Tinanyamuka leveni itapitirira. Chifukwa cha waya uja galimoto inkalira ngati chigayo, ndipo utsi unkalowa kumbuyo kumene tinakhala. A Nachisale anamanga mpango kukamwa, sindikudziwa ngati chinali chifukwa cha utsi wokha. Tinaoloka Shire pa Zalewa. Pa Lunzu anthu ankatembenuka kuyang'ana phokoso, akaona bokosi n'kuyang'ana kumbali. Mu Limbe tinaima nthawi yaitali pamzere wa galimoto, dzuwa likuomba pachivundikiro. Sindinalirepo m'njira yonseyo. Ndinkangowerenga malo: Mapanga, kenako Njuli. Pa Njuli akabaza anavula zipewa, ndipo awiri anatitsogolera pa msewu wafumbi mpaka kumudzi.

Anthu anali ochepa kuposa dzulo lake, anatero a Agnesi. Ambiri anali atabwerera kukasosa m'minda. Ana anga anandithamangira, koma atayandikira galimoto anaima. Amuna amene anatsitsa bokosi anachita mofulumira, nkhope atatembenuzira kumbali. Amalume a malemu anaona chingwe chodulidwa pa kathiranki, ndipo asanafunse, a Dominiko anati, "Ndadula ndine, amalume. Tidzakamba pometa."

Apongozi anga anali atakhala pamkeka pakhomo pa siwa. Anali atachepa thupi kuposa mmene ndinawasiyira. Bokosi litaikidwa patsogolo pawo anati, "Tsegulani."

Palibe anasuntha.

"Tsegulani ndimuone Sitifano."

Amalume anagwada pafupi nawo. "Achemwali, sizitheka. Anachedwa panjira."

Apongozi sanakangane nawo. Anayendetsa chikhatho pachivundikiro, kuchokera uku mpaka uko, ngati akusalaza mphasa. Kenako anandiyang'ana.

"Make Rozina, kumutu ndi kuti?"

Ndinawagwira dzanja n'kuliika pamenepo. Analisiya pompo mpaka akatekisiti atamaliza pemphero, limene analifupikitsa.

Kumanda kunali malo awiri oyandikana: mtumbira wa dzulo, dothi lake litayamba kuuma, ndi dzenje latsopano. Adzukulu anagwira ntchito mwachangu. Pobwerera apongozi anatsamira paphewa langa, popeza miyendo inkawavuta. Tinayenda pang'onopang'ono, anthu onse n'kutipitirira. Tili pafupi kufika anaima kuti apume.

"Dzulo ndaika nthochi," anatero. "Lero ndaika matabwa. Kodi anali atanenepa, kapena anaonda?"

Ndinati anaonda, koma nkhope inali yomweyo. Ndinawauza za imvi zimene zinamera m'mbali mwa makutu, ndi dzino lakutsogolo limene linathyoka ndi sipanala chaka chathachi. Ankagwedeza mutu pa chilichonse, ngati munthu amene akumuuza za dziko limene sadzapitako. Za mawu amene mwana wawo anandiuza m'chipatala sindinawauze.

Tsopano ndili kwathu ku Mauwa, ndikulima. Anthu akamakamba za ulendo umenewu, ena amati unalakwa ndi mwala wa m'khwawa, ena amati ndi dzimbiri, ena amatchula alamu anga. Ine sinditsutsa aliyense. Koma bawuti zija zinali zitatu zathunthu pamene a Ngozo ankapempha paipi, ndipo kiyi anali pansonga ya chitenje changa. Ndinkamumva akundigunda pabondo kuyambira teni koloko mpaka fili.